Kodi ndizipereka zonse zimene app yandifunsa?

FUNSO: Akonzi, ndikamaika app yatsopano m'foni kapena kudzaza fomu pa intaneti, amandifunsa tsiku lobadwa, komwe ndili, ngakhalenso manambala a anzanga. Kodi zonsezi n'zofunikadi?

YANKHO: Zambiri mwa izo n'zosafunika, ndipo mwachita bwino kukayikira. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR la mayiko a European Union, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limati kampani izitenga zokhazo zimene ikufunikira pa ntchito imene yanena. Nanunso muziyezera pamenepo. App ya mapu iyeneradi kudziwa komwe muli, koma ya tochi ilibe nazo ntchito.

Nkhawa yathu yaikulu ndi kuba. Mu 2017, akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a Equifax, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu ku United States, n'kutenga mayina, masiku obadwa ndi manambala a Social Security (manambala amene boma limadziwira munthu aliyense) a anthu pafupifupi 147 miliyoni. Password ikabedwa mumasintha tsiku lomwelo. Nanga tsiku lobadwa mungalisinthe bwanji?

Pa foni ya Android, lowani mu Settings, pezani Permission manager, muone app iliyonse imene ili ndi chilolezo chogwiritsa ntchito kamera, maikolofoni, malo ndi manambala. Pa malo, sankhani kuti izidziwa pokhapokha mwaitsegula. Kuyambira pa Android 12, ndiponso pa iPhone kuyambira iOS 14, mungazimitse Precise location kuti izingodziwa dera, osati khomo lanu lenileni. App yanyengo imagwirabe ntchito bwinobwino.

Pa manambala m'pamene timapempha kuti musamale kwambiri, chifukwa si anu nokha. Mukavomera, mwapereka mayina ndi manambala a anthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Pa fomu, dzazani mipata yokhala ndi kanyenyezi yokha, inayo isiyeni. Zimitsaninso zolemba malo pa kamera, popeza chithunzi chimatha kusunga malo amene chinajambulidwira.

Ambiri amalakwitsa apa: amaganiza kuti akachotsa app m'foni, zonse zatha. Ayi, zimene munapereka zimakhalabe m'makompyuta a kampaniyo. Yambani mwatseka akaunti mkati mwa app momwemo, pemphani kuti afufute zanu zonse, kenako muichotse.