Yankho kwa mphwanga pa kabokosi kotulutsa manambala

Eee mphwanga, funso lako lija waponya pagulu pano ndaliona m'mawa, koma ndinali mu minibasi yochokera ku Monkey Bay, phokoso lokhalokha. Wati pa fomu yako ya mu pulogalamu ya Microsoft Access yolembera usipa umene gulu lanu lagula, ukadina kabokosi ka dropdown kosankhira doko kakutulutsa 1, 2, 3 m'malo mwa Makawa, Malindi, Malembo. Mtima pansi, palibe chaonongeka. Manambalawo ndi ma ID a mu table ya madoko, ndipo ndi amene amayenera kusungidwa. Kungoti kabokosiko sunakauze kuti kabise ID n'kuonetsa dzina.

Usanakhudze kanthu, kopera kaye faelo yonse pa flash.

Ukatero tsegula fomuyo mu Design View, dina kabokosiko, udinenso F4, Property Sheet ituluka kudzanja lamanja. Pa Data yang'ana Row Source, uone ngati ikutenga zonse ziwiri, ID poyamba kenako dzina la doko. Bound Column isiye pa 1. Ndiyeno pita pa Format, Column Count ika 2, pa Column Widths lemba 0cm;4cm. Ziro ameneyo ndiye mankhwala ake. Amabisa ID m'maso mwako koma pansi ikusungidwabe. Ndiye chonde, mphwanga, usathamangire kusintha Bound Column kukhala 2, ngakhale wina akuuze kuti ndi njira yachidule. Ukatero ndiye kuti ukuthira dzina pamalo olandira nambala, Access ikukanira. Ine ndinachezera nazo usiku wonse zimenezi nditangoyamba kumene, ndikuganiza kuti kompyuta yagwidwa ndi virus.

China, mu Design View momwemo, mkati mwa kabokosi mukalembedwa kuti Unbound, dziwa kuti Control Source ilibe kanthu. Ungasankhe Makawa kakhumi, palibe chimene chikulowa mu table. Pita pa Data, pa Control Source usankhepo field yosungira ID ya doko.

Ukaonjezera doko latsopano koma osalipeza pamndandanda, dina F9 fomu ili chitsegukire, lituluka. Limit To List, ya pa Data pomwe paja, ikhale pa Yes, poti mumalemba anthu angapo, wina akalemba Makwa m'malo mwa Makawa Access imukanira.

Zikakanikabe jambula Property Sheet yonse unditumizire kumbali, ndiona ndikaweruka. Uwapatse moni amayi ako, uwauze Loweruka ndidutsa.