Ma pear opindika komanso olimba, dulani kaye chimodzi muone

Achemwali, mwati mtengo wanu wa pear ku Leeds, mzinda wa ku England, ukubereka zipatso zopindikapindika, zolimba, zokhala ndi timaenje pakhungu. Choyamba tengani mpeni mudule chimodzi pomwe pali kadzenjepo. Mukapeza timibulu tabulawuni tolimba ngati miyala, mpeni mpaka kukana, ndipo chaka ndi chaka ndi zomwezomwezo pafupifupi mtengo wonse, imeneyo ikhoza kukhala stony pit, matenda a vairasi. Amabwera ndi mbande kapena nthambi yomezanitsa yomwe inali yodwala kale, mankhwala ake palibe, ndiye mtengowo ungozulidwa basi mugule wina kwa ogulitsa odalirika. Zowawa ndithu.

Koma musathamangire nkhwangwa. Tizilombo ngati capsid bug timaboola chipatso chikadali chaching'ono, pobooledwapo pamauma n'kulimba pomwe kwinaku kukukula, n'chifukwa chake chimapindika, koma apa zimakhala zipatso zochepa chabe ndipo chaka china zimabereka bwinobwino. Kuchepa kwa boron, mchere wa m'nthaka womwe mbewu zimafuna, nthaka ikauma kumachitanso zofanana, ndiye muzithirira kukatentha, muikenso manyowa pansi pa mtengowo.

Ngati vuto ndi kulimba kokha, pear wa mtundu wa Conference sapsera pamtengo ayi, thyolani mu September muziike m'nyumba masiku angapo zifewa zokha.