Ana akugona pabalaza, katundu akugona kuchipinda: tiyambire pati?

Mayi wina wa pa boma la Nkhotakota watilembera imelo. Taifupikitsa pang'ono:

"Tikukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri zogona, ine, bambo a kunyumba ndi ana atatu. Kuchipinda kwa ana kwadzaza masutikesi a malemu apongozi anga amene anatisiya chaka chatha, katundu wa alamu anga amene anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, makatoni a mabuku ndi matumba a chimanga. Ana akugona pabalaza. Ndikati nditaye kanthu, bambo amati chidzagwira ntchito tsiku lina. Ndiyambire pati, nanga ndichotsa bwanji osayambana ndi achibale?"

Zikomo Mayi polemba. Tiyambe ndi mawu a bambowo, chifukwa ndi amene amadzazitsa nyumba zambiri. Sakunama ayi, chilichonse chikhoza kudzagwira ntchito. Koma kunyanja kuno katundu wongokhala sadikira tsikulo. Chinyontho cha m'dzinja, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, chiswe, njenjete, makoswe ndi dzimbiri zimadya mwakachetechete chimene inu mukuti mwasunga. Katoni ya mabuku yoikidwa pasimenti mu Disembala, pofika Epulo mukati muinyamule mumangotsala ndi mbali zake m'manja, pansi pake patawolerana, masamba atamatirirana, kumbuyo kwake chiswe chitamanga kale njira yadothi yokwera khoma. Ndiye musatsutsane nawo bambo. Afunseni mwaulemu kuti, "Tsiku limenelo likadzafika, tidzachipeza chili bwino?" Kenako tsegulani katoni imodzi ya pansi penipeni muone limodzi.

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe, pamene dzuwa lilipo loti muyanike chilichonse. Yambani m'mamawa, cha m'ma 6 koloko, chifukwa ikamakwana 11 kutentha kumachititsa munthu kungobwezera zonse m'nyumba atatopa. Tengani chipinda chimodzi patsiku, osati nyumba yonse. Yalani mphasa ziwiri kapena zitatu pabwalo, tulutsani zonse mpaka chipindacho chitsale mbee. Kusankhira m'kati momwemo sikuthandiza, mumangosuntha katundu kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo. Valani nsapato, mangani kansalu pamphuno, ndipo chinthu chimene chakhalitsa pansi muyambe mwachikankha ndi ndodo musanapise dzanja, popeza zinkhanira zimakonda malo otere. Mukapeza zitosi za makoswe, wazani madzi a sopo musanasese kuti fumbi lake lisakulowereni.

Pabwalopo pangani milu inayi: zobwerera m'nyumba, zogulitsa kapena kupatsa, zotaya, ndi za eni ake. Mulu wachisanu wa "tionabe" usakhalepo kuposa katoni imodzi. Katoniyo lembanipo deti, ndipo ikatha miyezi itatu osaitsegula, zam'katimo zituluke.

Malangizo ofala amati chimene simunachigwiritse ntchito chaka chathunthu chichoke. Muyeso umenewu ndi wabwino chifukwa chaka chimazungulira nyengo zonse: makasu ndi ambulera a m'dzinja, zikwakwa ndi matumba a nthawi yokolola mpunga, majuzi ndi mabulangete a mu Juni ndi Julayi mwera ukamawomba. Koma kwathu kuno umafunika kuuwongola pang'ono. Poto wamkulu wa pa maliro ndi pa ukwati akhoza kukhala zaka ziwiri osakwera pamoto, koma tsiku lakelo palibe cholowa m'malo mwake. Mmodzi wotero sungani. Atatu ayi. Ngati m'mpingo, kumzikiti kapena m'gulu la amayi muli kale mapoto ndi mbale zobwerekana, anu owonjezerawo akakhale kumeneko, mudzawapeza mukadzawafuna.

Za eni ake

Apa ndiye pamene pali nkhani yanu yeniyeni, ndipo tichedwapo.

Masutikesi a malemu musawatsegule nokha, ngakhale akutsekereza njira chotani. Inu ndinu mpongozi. Mukangopereka chitenje chimodzi kwa mnansi, mawa lake zidzamveka kuti munagawa chuma cha mayi awo, ndipo mawu otero satha msanga. Ntchito yanu ndi kupempha bambo kuti alankhule ndi mwini mbumba komanso alongo awo, asankhe tsiku loti abwere adzagawane. Tsikulo likhale lodziwika, osati "tikapeza mpata". Mabanja ambiri amalumikiza zimenezi ndi mwambo umene ukubwera kale, monga kumanga chiliza kapena sadaka, pamene achibale amakhala asonkhana. Podikira tsikulo, masutikesi atsegulidwe pamaso pa mmodzi wa ana a malemu, zovala ziyanikidwe padzuwa tsiku lathunthu, zilembedwe pa pepala, kenako zitsekedwenso. Mudzadabwa kuti zina zachita kale chuku. Zimenezo zijambuleni pafoni mutumizire achibale, chifukwa chithunzi cha diresi lodyeka ndi njenjete chimafulumizitsa anthu kuposa kudandaula kwanu.

Dziwaninso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi mkazi kapena mwamuna wake, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Choncho ngati apongozi aamuna ali moyo, mawu oyamba ndi awo.

Katundu wa alamu a ku Joni ndi wosavuta kwenikweni, kungoti anthu amachita manyazi kufunsa. Jambulani chinthu chilichonse pachokha, bambo atumize pa WhatsApp, ndipo apereke njira zitatu: katunduyo apite kumudzi, agulitsidwe ndalama zitumizidwe kumene mwiniwake anene, kapena apatsidwe wachibale amene amutchule. Ikanipo malire, mwachitsanzo kumapeto kwa mwezi wamawa. Yankho likhale lolembedwa kapena la mawu ojambulidwa, ndipo musalifufute. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti wina amavomera pafoni kuti "gulitsani", akabwera pa Khirisimasi n'kumafunsa wailesi yake. Matiresi ndi zamagetsi zikhale zoyamba kuchoka: matiresi woimikidwa kukhoma amasanduka chisa cha makoswe, ndipo TV yokhala zaka zinayi m'chinyontho nthawi zambiri siyakanso.

Zovala, ziwiya ndi mapepala

Zovala muyese ndi kachapidwe kanu. Ngati mumachapa kamodzi pasabata, munthu wamkulu amakwanira ndi zovala za masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ziwiri za kutchalitchi kapena kumzikiti ndi ku zochitika, juzi imodzi, ndi zitenje zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Zotsalazo nthawi zambiri ndi za pa kaunjika zimene zinagulidwa chifukwa chotchipa, koma sizinakwane bwino. Zoti zikapita kwa telala zivalika, zipite sabata yomweyo. Zong'ambika zikhale nsanza zokolopera, zisanu zakwana. Za ana zimene zachepa sungani zokhazo zimene wamng'ono adzavale chaka chisanathe, chifukwa lasitiki wa m'chiuno amafa ndi kutentha ngakhale chovalacho chisakuvalidwa. Ndipo chotsani chingwe chija chopachikapo zovala kuchipinda. Udzudzu umapuma masana pa zovala zolendewera ndi m'makona amdima, ndiye kuno kumene malungo savuta kupeza, chingwe chotero chimakhala ngati mwaumangira nyumba. Zovala zipindidwe, zilowe m'sutikesi kapena m'kabati.

Musapatse munthu matiresi kapena bulangete limene lili ndi nsikidzi. Onani m'misoko: timadontho takuda ndi chizindikiro chake. Nsalu zoterozo ziviikeni m'madzi otentha kwambiri, osachepera madigiri 60, ziume padzuwa, ndiye muone ngati n'zopatsika.

Kukhitchini, banja la anthu asanu limayenda bwino ndi poto wa nsima, awiri a ndiwo, mmodzi wa madzi a tiyi ndi wamkulu uja. Mbale ndi makapu zikhale zokwanira inu ndi alendo asanu. Mapoto obooka apite kwa amisiri osula mbaula, mabigiri osweka ndi timakontena topanda zivindikiro tichoke. Zigubu za madzi werengani malinga ndi masiku amene mpopi umauma kwanuko, ndipo chilichonse chikhale ndi chitsekero.

Mapepala ndi chinthu chokhacho chimene tikuti musafulumire nacho. Chiphaso cha unzika, masatifiketi a kubadwa ndi a sukulu monga a MSCE, mabuku a kuchipatala, makadi a sikelo a ana, mapepala a malo, a ukwati ndi malisiti a lendi, zonsezi zilowe m'jumbo yolimba, jumboyo ilowe m'kontena yotseka bwino, iikidwe pamwamba pa kabati. Pepala lililonse mulijambulenso pafoni. Makope akale a ana akhoza kuyatsira mbaula, koma mabuku osindikizidwa amene akali abwino kaperekeni kusukulu yapafupi akali owerengeka.

Katundu wa bambo, mawailesi akufa, mafoni akale, machaja, masipoko ndi maunyolo a njinga, musamutaye iwo atachokapo. Mukatero nkhani imachoka pa katundu n'kukhala ya ulemu, ndipo simupambana. Apatseni bokosi limodzi lokhala ndi chivindikiro, asankhe okha zolowamo. Zosakwanamo zipite kwa okonza mawailesi ndi mafoni, amene amagula zoterezi kuti achotsemo zipangizo, kapena kwa ogula zitsulo zakutha amene amayeza pa sikelo. Foni isanachoke, chotsanimo simu ndi memore khadi, mufufute zonse zam'katimo.

Zosayenera kupita kudzala

Pali zinthu zingapo zimene anthu amavulala nazo pofuna kuyeretsa. Batire ya sola kapena ya galimoto ili ndi asidi ndi mtovu, musaiswe kapena kukhuthulira madzi ake pansi, igulitseni yathunthu kwa ogula mabatire akale. Batire ya foni yofufuma isayandikire moto, imaphulika. Mankhwala otha ntchito abwezeni kumalo ogulitsira mankhwala kapena kuchipatala, asakhale poti ana angatole. Botolo limene munali mankhwala a m'munda litsukeni katatu, madziwo athiridwe m'chopopera, kenako muliboole kuti wina asadzasungiremo madzi akumwa kapena mafuta ophikira. Mapulasitiki ndi matayala musawotche pafupi ndi nyumba, utsi wake ndi woipa pachifuwa. Matayala ndi zitini zosiyidwa kuseri zimasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaswana momwemo m'sabata imodzi kapena ziwiri. Neti yakale ya udzudzu ikhoza kutchinga mbande kudimba, koma isapite kunyanja kapena ku Chia: kuphera nsomba neti yotero n'koletsedwa, imakokolola ndi tiana tomwe.

Zogulitsa zipatseni masabata awiri okha. Ikani zithunzi pa WhatsApp ndi mtengo wake, landirani ndalama pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba katundu asanatuluke pakhomo. Ngongole pa zinthu zakale siibwera. Anthu amagula bwino akangogulitsa mpunga kapena kumapeto kwa mwezi, ndiye ngati n'kotheka gwirizanitsani ndi nthawi imeneyo. Zikakanika kugulika, zipatseni ena. Paja kupatsa n'kuika, ndipo poto amene akuphika kwa mnansi mukhoza kudzam'bwereka ali wowala.

Chimanga chisabwerere kuchipinda kwa ana. Chipezereni kona ya pabalaza kapena kakhonde kotsekeka, pa thandala la matabwa kapena njerwa lokwera masentimita 10 mpaka 15, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata woti tsache ndi mphaka zidutse. Musanasoke matumba yesani kuuma kwake: thirani chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ya mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, ndipo mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba a PICS, aja okhala ndi majumbo awiri m'kati osalowetsa mpweya, ndi abwino m'nyumba yogona anthu chifukwa safuna mankhwala, anankafumbwe amafa okha posowa mpweya, koma majumbo awiri a m'kati aja amangidwe lililonse palokha, ndipo akangobooledwa ndi khoswe kapena msomali, thumbalo lasiya kugwira ntchito yake.

Chipinda chikatsala chopanda kanthu, gwetsani njira zonse za chiswe, matani ming'alu ndi simenti, muuze mwini nyumba ngati denga likudontha, ndipo musiye zenera lotsegula tsiku lonse musanalowetse bedi ndi neti za ana. Pobwezera katundu, pasakhale chokhala pasimenti kupatula miyendo ya bedi ndi ya kabati, ndipo kunsi kwa bedi kulowe sutikesi imodzi yokha yoti mwana akhoza kuikoka posesa. Mvula yoyamba ikagwa masiku awiri otsatizana, pitani mukagwire khoma la kumbuyo kwa kabati ndi chikhatho. Mukamva kuzizira kwa chinyezi, sunthani kabatiyo pang'ono kuti mphepo izidutsa.