Kodi wodontheza m'kamwa ndi katemerabe? Mafunso anu pa mawu a kuchipatala

Mayi wina wa ku Mchinji walemba: "Kusikelo mwana wanga anamudonthezera mankhwala m'kamwa, a zaumoyo n'kunena kuti ameneyo ndi katemera wa poliyo. Kwathu kuno kutemera n'kucheka khungu. Chinthu chomeza chingakhale bwanji katemera? Ndiponso tizinena kuti katemera wa poliyo kapena katemera ka poliyo?"

Mayi, khutu lanu lamva bwino. Tsinde la mawuwa ndi -tema. Timatema nsungwi, timatema mtengo, mwana amadzitema ndi chikwanje. Tikati kutemera, ndiye kuti kutemako kuli ndi cholinga. Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira mmene agogo ankachitira mutu ukakana kupola: ankatsina khungu cha pafupi ndi diso, kulitema timizere ndi lezala, magazi akangoti tuluke pang'ono n'kutikitapo phulusa lakuda la mizu yowotcha. Zipsera zotsalapo ndizo mphini, ndipo akuluakulu ambiri akuyenda nazo mpaka lero.

Tsono a chipatala atabwera ndi mankhwala oletsa nthomba, sankabaya mozama ngati jakisoni wa masiku ano. Ankakanda khungu la pamkono n'kusiya timadzi pabalapo. Makolo athu ataona, sanafunikire kufunsa dzina lake: uku kunali kutemera kumene ankakudziwa kale. Ine sindikayika kuti dzina loti katemera linabadwira pamkono pamenepo, ndipo ndi limodzi mwa mayina okoma kwambiri amene chiyankhulo chathu chinadzipangira chokha, popanda komiti kapena msonkhano.

Nthomba inatha, bungwe la World Health Organization linalengeza zimenezi mu 1980. Kukanda pamkono kunapita nayo limodzi, koma dzina linatsala n'kukula. Angerezi nawonso zinawachitikira. Mawu awo a katemera, oti vaccine, amachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza ng'ombe, chifukwa mu 1796 Edward Jenner anagwiritsa ntchito mafinya a nthomba ya ng'ombe poteteza mwana ku nthomba ya anthu. Lero mu katemera wa poliyo mulibe ng'ombe, koma palibe Mngerezi amene akuti dzinalo lisinthe. Choncho wa poliyo wodontheza, wa rota woteteza ku matenda otsegula m'mimba amene ana athu anayamba kulandira mu 2012, ndi wa kolera womwa uja, onsewo ndi katemera ndithu. Chongosamala ndi mneni: wa jakisoni timabayitsa, wa m'kamwa timamwa kapena kudonthezeredwa, ndipo onse timalandira. Chimene chimandiwawa n'kumva wachinyamata akuti "ndakabayitsa vaccine" pamene dzina lathulathu lilipo, lomveka ngakhale kwa agogo.

Za wa ndi ka, yankho ndi wa. Chichewa chili ndi ka- wamitundu iwiri. Wina ndi wochepetsa: kamwana, kanyumba, kachirombo. Ameneyu amakoka ka mnzake, n'chifukwa chake timati kachirombo ka HIV, ndipo pochulukitsa amasanduka ti-: tiana, tizirombo. Wina ndi wopanga dzina kuchokera ku mchitidwe, monga kafumbata, nthenda younitsa thupi mpaka manja kufumbata. Katemera ndi kafukufuku ali m'gulu lachiwirili, ndipo amayenda ngati kalulu: kalulu wa, katemera wa, kafukufuku wa. Mukakayika, yesani kuchulukitsa ndi ti-. Kodi munamvapo munthu akuti titemera? Ambiri ndi akatemera, ngakhale kuti ine ndimakonda kungoti mitundu ya katemera. Makatemera ndimawamva pawailesi, koma sindiwalola.

Mnyamata wina wa ku Blantyre amene amamasulira zikalata zopempha chilolezo kwa anthu olowa m'kafukufuku akufunsa: "Kodi ochita kafukufuku amayesa katemera kapena amayeza? Nanga pamene anthu agawidwa m'magulu popanda wowasankha, ndilembe kuti mwamwayi?"

Achimwene, ntchito yanu ndi yolemera, chifukwa mayi amene akusindikiza chala pansi pa chikalatacho akuvomera mawu anu, osati a amene analemba m'Chingerezi.

Kuyeza kumafuna chipangizo ndi nambala. Timayeza mwana pasikelo, timayeza kutentha kwa thupi, timakayezetsa magazi. Kuyesa ndi kuchita chinthu kuti uone ngati chitheka, ndipo mawu amenewa ali ndi abale oopsa: mayesero, kuyeserera, kuyesedwa. Anthu ambiri masiku ano amangosakaniza s ndi z ngati palibe kusiyana, mpaka kulemba pakhoma la chipatala kuti "kuyesa magazi". M'kafukufuku zonse ziwiri zimachitika: katemera amayesedwa, ana amayezedwa. Koma mukalemba kuti "tikuyesa katemera pa ana anu", kholo limamva kuti mwana wake ndiye choyesera, ndipo lidzanyamuka. Musabisenso choona pothawa mawuwo. Lembani kuti: "Tikuchita kafukufuku kuti tidziwe ngati katemerayu amateteza ana. Pakali pano sitinadziwe." Liwu loti kafukufuku ndi labwino chifukwa ndi mbale wa kufukula, kuchotsa dothi mpaka chokwiririka chioneke, ndipo sililonjeza kanthu kufukulako kusanathe.

Pa funso lachiwiri, tengani chitsanzo cha kwanu konko. Mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kunayamba kafukufuku wa katemera wa taifodi, woyendetsedwa ndi a bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome mogwirizana ndi University of Maryland. Ana opitirira 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anagawidwa pawiri. Theka linalandira katemera wa taifodi, theka linalo katemera wa nthenda youmitsa khosi. Makolo sankadziwa kuti mwana wawo walandira uti, ngakhalenso madokotala owaona akadwala sankadziwa. Zotsatira zitatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti katemerayo analetsa pafupifupi matenda 8 mwa 10 alionse a taifodi, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse.

Tsono kugawa kuja mukutcha chiyani? Mwamwayi ayi. Mwayi m'Chichewa ndi wabwino nthawi zonse. Palibe amene amati ndachita mwayi njoka itamuluma. Mukalemba mwamwayi, kholo limaganiza kuti pali gulu lopambana ndi gulu lomanidwa, pamene cholinga chonse cha kafukufuku n'chakuti sitinadziwe ngati katemera watsopanoyo akuposa kusamulandira. Mwangozi ndiye musayerekeze n'komwe pa chikalata cha kuchipatala. Mwachisawawa ndinakuonapo pa chikalata china, ndipo kunandikhumudwitsa, chifukwa chisawawa ndi kusasamala, ntchito ya munthu wopanda dongosolo. Liwu loyenera ndi maere. Aliyense amadziwa kuchita maere, opemphera amawadziwanso pa nkhani ya Yona m'chombo muja. Maere amanena ndendende chimene chikuchitika: palibe dzanja la munthu limene lasankha, kaya la dokotala, la mfumu kapena la kholo. Ndipo onjezerani chifukwa chake m'mawu ochepa, kuti munthu akamasankha yekha angathe kuika ana athanzi mbali imodzi, katemera n'kuoneka wamphamvu pamene si choncho. Lembani kuti kompyuta ndiyo idzachite maerewo.

Chinanso, poti mwanditsegula pakamwa: mukafika pa magazi, musangoti "tidzatenga magazi" n'kusiya pomwepo. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Nenani kuchuluka kwake poyerekeza ndi kasupuni ka tiyi, nenani kumene akupita ndi chimene akawayezere.

Bambo wina wa ku Salima akudandaula: "Anatiuza kuti katemera wa malungo amateteza, koma mdzukulu wanga atalandira anadwalabe malungo. Kodi kuteteza kumatanthauza chiyani? Ndipo asilikali a m'thupi amene amawanenawo ndi Chichewa chenicheni?"

Pepani bambo, ndipo ndikhulupirira kuti mdzukuluyo anachira. Pali aneni atatu amene amasokonezedwa. Kuchiza n'kwa amene wadwala kale. Kupewa amachita munthu mwini wake, pogona m'neti, posamba m'manja ndi sopo, pothira mankhwala m'madzi akumwa. Kuteteza amachita wina kapena china m'malo mwako. Katemera sachiza, amateteza, koma kuteteza m'Chichewa sikunatanthauzepo kuti choipa sichingafike n'komwe. Mpanda umateteza dimba, komabe mbuzi ina imapeza polowera, ndipo sitinena kuti mpandawo n'ngwachabe.

Katemera wa malungo wotchedwa RTS,S, amene Malawi inali dziko loyamba kumupereka kusikelo mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, mphamvu zake n'zocheperapo kusiyana ndi wa chikuku. M'kafukufuku wamkulu, amene mbali ina inachitikira ku Lilongwe, ana olandira kanayi konse anachepekeredwa malungo pafupifupi 4 mwa 10 alionse pa zaka zinayi. M'dziko la malungo ochuluka ngati lathu ameneyo ndi ana ambiri opulumuka, koma ena adwalabe. Vuto lili pa wofalitsa uthenga amene amadula chiganizo pakati. Pa katemera ameneyu akanati: amachepetsa kudwala malungo pafupipafupi ndiponso malungo aakulu, mwana alandire kanayi konse, apitirize kugona m'neti, ndipo thupi likatentha athamangire naye kuchipatala.

Asilikali a m'thupi ndimawalandira ndi manja awiri. Liwu loti msilikali linabwera kuchokera kunja kalekale, kudzera kwa amalonda a kugombe, koma linakhazikika. Mawuwa anafala kwambiri m'zaka za Edzi, pamene alangizi ankafotokozera anthu chifukwa chimene chiwerengero cha CD4, maselo a m'magazi oteteza thupi, chikutsikira, ndipo anthu anamva. Pa katemera amagwiranso ntchito: thupi limaonetsedwa kachidutswa ka kachirombo, kapena kachirombo kofooketsedwa, asilikali n'kukazindikira ndi kumakakumbukira, kuti kenikeni kakadzabwera adzakagwire msanga. Kukumbukirako pa matenda ena kumazirala pakapita nthawi, n'chifukwa chake pamakhala katemera wobwereza. Polemba za sukulu kapena za boma, nenani kuti chitetezo cha m'thupi. Pocheza ndi amayi kusikelo, asilikali akwanira.