Mwana wanu ali m'wodi ndi impso ya bambo ake: mulankhule bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota. Mwana wawo wa zaka 11 anamuika impso ina ku India miyezi isanu yapitayo, ndipo anapereka impsoyo ndi bambo ake. Pano wagonekedwa m'chipatala china chifukwa thupi latentha komanso akutsekula m'mimba. Mayiwo akuti mankhwala akubwera nthawi iliyonse imene anamwino apeza mpata, ndipo atayesa kunenapo anayankhidwa kuti, "Ndiye bwerani mudzagwire ntchitoyi ndinu." Funso lawo ndi lakuti: ndilankhule bwanji osaoneka wamwano?

Mayi, pepani ndi matendawa. Ine si dokotala, koma ndinagonapo pansi pa bedi ngati gadiyani kuno ku Salima kwa milungu yambiri, ndipo mantha amenewo ndimawadziwa. Timaopa kuti tikalankhula, wodwala wathu amusala. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'wodi monsemo, amene akudziwa mbiri ya impso imeneyo kuyambira ku India ndinu nokha. Wogwira ntchito pa chipatala cha boma akhoza kutha zaka asanakumanepo ndi mwana woikidwa impso, chifukwa opaleshoniyi anthu athu amakachitira kunja. Si ulesi kapena nkhanza ayi, n'zosowa basi.

Ndiyambe ndi nkhani ya nthawi, chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri. Thupi la mwana wanu limaona impsoyo ngati mlendo wofunika kuthamangitsidwa. Mankhwala monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone ndiwo amagwira dzanja chitetezo cha m'thupi kuti chisaimenye. Tacrolimus wanthawi zonse amamwedwa kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12. Akachepa m'magazi, thupi limayamba kuikana impso; akachuluka, iye yemweyo amaiwononga. Tsono kutsekula m'mimba kumene mwatchulako kumatha kukweza tacrolimus m'magazi, kwinaku madzi akutha m'thupi. Zinthu ziwirizi zikakumana, impso imavutika msanga, makamaka ndi kutentha kwathu kwa kunyanjaku. Pemphani kuti mankhwala amenewa muzisunga ndi kum'patsa nokha pa ola lake, namwino azingolemba m'faelo. Ambiri amavomera, chifukwa mwawapeputsira ntchito. Mwana akasanza mankhwala, kapena akalephera kumeza, musadikire raundi ya mawa. Kaitaneni munthu nthawi yomweyo.

Chachiwiri, mankhwala aliwonse atsopano funsani dzina lake asanalowe m'kamwa kapena mu diripi. Brufen ndi diclofenac, amene timangogula pa golosale mutu ukamawawa, ndi adani a impso. Pa ululu ndi kutentha thupi nthawi zambiri amapereka Panado. Jekeseni wa gentamicin, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'mawodi a ana, amafuna kusamala kwakukulu. Erythromycin ndi fluconazole amakweza tacrolimus. Ndipo tsiku lina akadzati mwana ali ndi TB, dziwani kuti rifampicin, amene ndi amodzi mwa mankhwala a TB, amatsitsa tacrolimus kwambiri, moti mulingo umayenera kusinthidwa ndi dokotala wa impso. Maina a mankhwala ofunika kusamala nawowa alembeni pa tsamba loyamba la buku lake la kuchipatala, ndi zilembo zikuluzikulu.

Nanga kalankhulidwe? Ndinaona ndekha kuti mawu akuti "mukulakwitsa" amatseka makutu a munthu, pamene pepala limawatsekula. Tengani kalata imene anakupatsani potuluka ku India, muipereke ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Adokotala, amene anachita opaleshoni analemba izi, ndimati muone kaye." Kenako funsani funso limodzi lomveka bwino: creatinine wake lero ali pati, poyerekeza ndi nambala imene anatuluka nayo? Imeneyo ndiyo nambala yosonyeza mmene impso ikusefera magazi. Ikamakwera, pemphani mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo kuti aimbire madokotala a impso ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kulinso makina a dialysis osefa magazi impso zikalephera, kapena amutumize komweko. Kuchoka ku Nkhotakota kudzera pa Salima ndi ulendo wa maola angapo, ndiye nkhani ya ambulansi iyambike mwana akadali ndi mphamvu. Ngati muli ndi nambala ya WhatsApp ya dokotala wa ku India, jambulani zotsatira za magazi mum'tumizire, ndipo yankho lake muwaonetse a m'wodi.

Khalaninso ndi kope lanulanu. Muzilemba ola limene wamwa mankhwala, madzi amene wamwa, ndi mkodzo umene wataya. Botolo lopanda kanthu la lita imodzi limakwana poyezera. Mkodzo ukayamba kuchepa, nkhope kapena mapazi zikatupa, kapena akamamva ululu m'munsi mwa mimba pamene pali chipsera, nenani msanga. Anamwino amasinthana mashifiti, koma kope lanulo silichoka pa bedi.

Malungo amuyeze ndithu, kwathu kuno udzudzu susowa. Koma ngakhale apezeke nawo, kumbutsani kuti mwana wa chitetezo chotsika akhoza kukhala ndi matenda awiri nthawi imodzi, ndiye mkodzo nawonso auyeze. Pemphaninso bedi lotalikirana ndi ana otsokomola, a chikuku kapena a katsabola. Ndipo apa ndikhumudwitsa achibale: azakhali obwera ndi botolo la mankhwala azitsamba athokozeni, botololo libwerere nawo. Odzazonda matenda aimirire pakhomo, pemphero limafika ngakhale kuchokera pakhonde.

Mukayesa zonsezi koma osamvedwa, pitani kwa sisitala woyang'anira wodi, kenako kwa mkulu wa madokotala pa chipatalapo. M'zipatala za boma mulinso ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo a odwala. Kupita kumeneko si kuneneza munthu. Koma yambani ndi namwino uja anakuyankhani mokalipa. Mwina usiku umenewo anali yekha ndi ana odzaza wodi. M'pezeni m'mawa asanaweruke, mum'patse moni, mum'onetse kalata ya ku India ija ndi mzere umene palembedwa maola a tacrolimus.

Mundilemberenso mundiuze creatinine ali pati.