Yothamanga kwambiri ndi iti? Ndiyankhe mnyamata wa ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Luchenza. Wakhala akusunga ndalama kwa zaka zinayi, akufuna kuitanitsa galimoto ku Japan, ndipo mtima wake uli pa zitatu: Toyota 86, Subaru WRX STI ndi Mazda RX-8. Funso lake ndi limodzi basi, lakuti yothamanga kwambiri ndi iti.

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa funso lomweli ndinafunsapo ine ndili msinkhu wanu, ndipo panalibe wondikhazika pansi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndinagula RX-8 yofiira. Inatsikira padoko la Dar es Salaam, dalaivala n'kuilowetsa pa Songwe, ndipo tsiku limene inafika anthu anadzadza pakhomo ngati pali chinkhoswe. Injini yake ndi ya rotary, ya malita 1.3 okha, yopanda mapisitoni. M'kati mwake mumazungulira zitsulo ziwiri za ngodya zitatu, ndipo ukaiponda injiniyo imazungulira mpaka ka 9,000 pa mphindi ikulira mokoma zedi. Koma injini yotere imanyambita oilo mwadala, ndi mmene anaipangira. Ukailiza kukuzizira n'kuizimitsa isanatenthe, petulo amadzadza m'kati, osalirenso. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Makaniko wina ku Limbe atatsegula boneti anangogwira m'chiuno, chifukwa anali asanaonepo injini yotere. Galimoto inakhala pamiyala miyezi itatu kudikira masipeya.

Koma chimene chinandisintha maganizo si chimenecho ayi. Linali tsiku lina la mu June m'mamawa, chiperoni chitaphimba minda yonse, ndikuchokera ku Bvumbwe kupita ku boma. Ndinkaithamangitsa. Pakona ina panatulukira amayi othyola tiyi, madengu kumsana, akudutsa msewu. Ndinaponda mabuleki, galimoto n'kuyamba kutsetsereka chammbali ngati ili pa therere. Inakaima pafupi kwambiri ndi mayi wina moti dengu lake linakhudza galasi. Mayiyo anangondifunsa kuti, "Bambo, kodi kwagwanji kumene mukupitako?" Ndinalibe yankho. Miyendo inanjenjemera mpaka masana.

Pambuyo pake ndi pamene ndinazindikira kuti matayala anga anali a nyengo ya chisanu ya ku Japan, aja amabwera nawo magalimoto ambiri, akale komanso osayenera msewu wathu. Ine ndinali nditaloweza pamtima mphamvu za injini, koma matayala osawayang'ana ngakhale kamodzi.

Ndiye mundimve bwino. Manambala amene mukuwerenga pa intaneti amayezedwa pamsewu wouma, wosalala, wopanda mbuzi, wopanda kabaza wonyamula nthochi, wopanda ana a sukulu. Msewu wotero kuno kulibe. Kuchoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo mpaka kwanu ku Luchenza ndi makona okhaokha ndi mahampu. Wa Midima ndi wowongokako, inde, koma pa Nkando tsiku la msika mudzathamangira pati? Ndipo chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023, misewu yambiri ya ku Mulanje ndi Phalombe inasanduka zigwembe. Toyota 86 imatalikirana ndi nthaka masentimita 13 okha. Hampu iliyonse mudzaikwera chopingasa, mtima uli m'mwamba, maminibasi akukuimbirani hutala kumbuyo.

Chinanso chimene anyamata sauzana n'chakuti magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amatsekedwa kuti asapitirire makilomita 180 pa ola. Zitatu zanuzo pamwamba penipeni zimakathera pamodzimodzi. Pali ena amene amachotsa chotsekeracho n'kumadzitama nazo pabala. Ine anthu amenewo sindiwasirira, ndipo ndimanena poyera kuti akusewera ndi miyoyo ya anthu oyenda pansi, amene sanalakwe kanthu.

Nkhani ya mafuta nayo ndi yake. Injini zimenezi ku Japan zimamwa petulo wapamwamba wa high octane, pamene pa filing'i siteshoni zathu petulo ndi wamtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Injini ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) ngati ya STI ikamamwa petulo wosakwana mphamvu iwe ukuiponda mpaka pansi, imavulala pang'onopang'ono. Nanga mafuta akasowa, mizere itafika kutali, galimoto yomwa ngati STI mudzaidyetsa chiyani?

Tsono manambala amene munafunsa

WRX STI ya ku Japan kuyambira 2007 ili ndi mphamvu ya horsepower 308, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo ikanyamuka imafika pa makilomita 100 pa ola m'masekondi pafupifupi 5. Pa zitatuzi yothamanga ndi imeneyi, komanso ndi imene imagwira msewu bwino kukagwa mvula. RX-8 ya magiya 6 apamanja ili pakati, masekondi 6 ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, koma ya otomatiki ndi yofooka. Toyota 86, imene inatuluka mu 2012 ndi horsepower 200, ndi yotsalira, masekondi 7 ndi kanthu, koma ndi yopepuka, yokoma m'makona, ilibe turbo ndipo siivuta kusamala.

Ndikanakhala inu ndikanatenga 86. RX-8 musaiyandikire pokhapokha mutapeza kaye makaniko wodziwa rotary. Musanatumize ndalama funsani ku MRA za msonkho, chifukwa umasintha malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Ikangofika, musanapite nayo n'komwe kukaonetsa amayi ku Luchenza, kagulireni matayala anayi atsopano ndipo akuonereni mabuleki.