Alendo adzaza mzinda, koma maenje a m'misewu akwirira ndani?

Mwafunsa kuti mzinda ukamachititsa chikondwerero chachikulu chaka ndi chaka, mahotela n'kumadzaza, n'chifukwa chiyani misewu imangoipiraipira m'malo mokonzedwa ndi ndalama zomwezo. Mwafunsanso ngati magalimoto a alendowo ndi amene amaswa phula. Akulu, pa funso lachiwirili anthu ambiri amaloza chala kolakwika, ndiye tiyambire pomwepo.

Pakati pa 1958 ndi 1960, mainjiniya ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America anamanga misewu yoyeserera n'kumayendetsapo malole kwa zaka ziwiri kuti aone chimene chimatopetsa msewu. Anapeza kuti nkhani yagona pa kulemera kumene kwatsamira pa ekiselo iliyonse, chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto. Kulemerako kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kumawirikiza pafupifupi ka 16. Kukawirikiza ka 10, kuwonongeka kumafika ka 10,000.

Tiyerekeze kuti kwabwera magalimoto ang'onoang'ono 6,000. Iliyonse ili ndi maekiselo awiri, yalowa kamodzi n'kutuluka kamodzi, ndiye kuti msewu wapondedwa ka 24,000. Ekiselo ya galimoto yaing'ono imanyamula makilogalamu ngati 800, pomwe ya lole yodzaza imanyamula matani 8, kuwirikiza ka 10. Mukawerengera, magalimoto onse aja atopetsa msewu mofanana ndi ekiselo imodzi ya lole itadutsa kawiri kapena katatu basi. Lole imodzi yonyamula zitsulo za siteji yawaposa onsewo. Akaiwonjezera katundu, ekiselo n'kuchoka pa matani 8 kufika pa 10, kuwononga kwake kumaposa kawiri. Masamuwa ndi oyerekeza ndipo amagwira pa msewu wa phula osati wa dothi, koma akusonyeza kuti oswa msewu enieni amabwera sabata imodzi chisangalalo chisanayambe n'kubweranso chikatha: malole a siteji, a majenereta, a mipanda yachitsulo, a zakumwa, a madzi, ndi opopa zimbudzi.

Magalimoto ang'onoang'ono ali ndi mlandu wawo, koma uli m'mphepete. Poimika pakasowa, aliyense amakwezera matayala awiri m'mbali mwa msewu. Kukwera ndi kutsika kumeneko kumabenthula milomo ya phula, dothi lotsenderedwa la m'mbali limakumbika, zivundikiro za ngalande zimasweka. Kenako mabotolo ndi mapulasitiki zimatseka ngalande ndi makalavati. Tsiku limenelo simuona kanthu. Mvula yoyamba ikagwa, madzi amasowa kopita, amadikha m'mphepete muja, amalowa m'ming'alu n'kufewetsa miyala ya pansi pa phula. Lole ikadutsa pofewapo, phula limatitimira n'kuboola. Dzenje limaonekera patatha miyezi itatu kapena inayi, okonza chikondwerero atapita kale, ndipo aliyense amati ndi mvula.

Palinso tizinthu timene anthu amatipeputsa. Dizilo wodontha pa jenereta amasungunula phula, pamalopo pamanyenyeka ngati mchenga. Zikhomo za matenti zokhomedwa paphula zimasiya tibowo tolowera madzi. Miyendo ya kireni ikaponda phula lotentha popanda matabwa ochindikala pansi, imasiya mapondero amene sabwereranso. Choopsa kuposa izi ndi kupatutsa magalimoto. Msewu waukulu ukatsekedwa, mabasi ndi malole amalowetsedwa m'timisewu ta m'malo okhala anthu, timene tinamangidwa ndi phula lopyapyala. Masiku atatu amenewo timisewuto timanyamula katundu amene sitinamangidwire n'komwe.

Tibwere ku ndalama. Walira mvula walira matope, zoona, koma funso n'lakuti mvulayo yagwa m'munda mwa ndani. Chiwerengero chimene okonza amalengeza nthawi zambiri chimakhala anthu onse olowa pageti kuchulukitsa ndi zimene aliyense wawononga. Chimenecho si phindu la mzinda. Mwa anthu 30,000, ngati 20,000 ndi okhala mumzinda momwemo, ndalama zawo sizatsopano. Akanazidya kumalo ena a mumzindamo, angozisamutsa. Otsala 10,000 aja, chotsanipo amene anabwerera zina n'kungopatukirako, ndi amene anali kale ndi ulendo wobwera koma angosintha tsiku. Chotsaninso alendo a nthawi zonse amene athawa chifukwa zipinda zakwera mtengo, ndi malonda a masitolo amene khomo lawo latsekedwa ndi mpanda masiku onsewo. Hotela imene imadzaza kale nyengo imeneyo sinapindule alendo atsopano, yangosinthanitsa nkhope. N'chifukwa chake chikondwerero chochitika nyengo imene mahotela amakhala opanda anthu chimapindulitsa mzinda kwambiri kuposa cha nthawi ya tchuthi.

Pa zotsalazo, zambiri sizigona mumzinda. Ndalama ya tikiti imapita kwa oimba ochokera kutali, kwa kampani ya masipika ndi magetsi, kwa ogulitsa matikiti pa intaneti. Imene imatsalira ndi ya malo ogona, ya mathiransipoti a mumzinda, ya mavenda ndi ya aganyu. Apa mlendo wogona masiku atatu amasiyana kutali ndi wobwera m'mawa atanyamula zake zonse m'buti n'kubwerera usiku. Wachiwiriyu amasiya zinyalala ndi mapondero a matayala, zina ayi. Mzinda wofuna kudziwa zoona ufunse anthu pageti mafunso anayi: mwachokera kuti, mugona masiku angati, mukanabwera kukanapanda chikondwererochi, ndipo mwawononga zingati kunja kwa mpanda. Alembe okhawo ochokera kunja amene ayankha kuti sakanabwera.

Tsono ngakhale phindu litakhalapo lenileni, silimagwera m'thumba limene limakonza msewu. M'mayiko ambiri msonkho wa pa katundu wogula ndi wa pa mafuta umapita ku boma lalikulu. Phindu la hotela ndi la mwini hotela. Khonsolo imangotola ya chilolezo, ya malo a mavenda ndi ya poimika magalimoto, pomwe kusesa, kutsegula ngalande ndi kukwirira maenje zimaigwera yokha. Ngakhale Edinburgh ku Scotland, mzinda umene wakhala ukuchititsa zikondwerero zake za mwezi wa Ogasiti kuyambira 1947, unadikira mpaka 2024 kuti nyumba ya malamulo ya dzikolo ilole makhonsolo kutenga msonkho kwa alendo ogona. Mu Januwale 2025 khonsoloyo inavomereza 5 peresenti pa mtengo wa chipinda, kuyambira Julayi 2026. Zaka zoposa 75 alendo akusefukira, khonsolo ilibe chotungira chake.

Ndalama zikapezeka, ambiri amathamangira kunena kuti msewu wopita kumaloko ukulitsidwe. Ine ndimakana. Msewu womangidwira masiku atatu umafuna kusamalidwa masiku 365, ndiponso kuthithikana kwa magalimoto sikuyambira pakati pa msewu. Kumayambira pageti ndi pamphambano, makamaka potuluka. Anthu amafika pang'onopang'ono tsiku lonse, koma woimba womaliza akatsika pasiteji onse amafuna kuchoka nthawi imodzi. Mzere umodzi wa msewu wabwino umadutsitsa magalimoto pafupifupi 1,800 pa ola ngati palibe choimitsa. Pa maloboti amene amakupatsani theka la nthawi, atsika kufika ngati 900. Magalimoto 6,000 aja akadalira potulukira pamodzi potere, womaliza adikira maola oposa 6. Poimika napo si pamasewera: galimoto imodzi pamodzi ndi njira yake imadya masikweyamita 25, ndiye kuti hekitala imalowa 400, ndipo onsewo afuna mahekitala 15, mabwalo a mpira ngati 20.

Ku chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock, m'dera la Bethel m'chigawo cha New York, mu Ogasiti 1969 kunafika anthu pafupifupi 400,000. Misewu inatsekeka, anthu anasiya magalimoto pamsewu n'kuyamba wapansi, oimba ena anachita kuwatenga pa helikopita. Ku Munich ku Germany, chikondwerero cha mowa cha Oktoberfest cha 2023 chinalandira anthu 7.2 miliyoni m'masiku 18, kutanthauza 400,000 omwewo tsiku lililonse, mzinda n'kumayendabe. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo la Theresienwiese, pamene pamachitikira Oktoberfest, palibe poimika magalimoto a alendo, misewu yozungulira imatsekedwa, ndipo anthu amafika pa sitima za pansi pa nthaka kapena wapansi kuchokera kusiteshoni yaikulu.

Mzinda wopanda sitima ungachite zofanana ndi mabasi. Magalimoto aimikidwe kunja kwa mzinda m'malo awiri kapena atatu a mbali zosiyana. Basi ya anthu 60 imachotsa pamsewu magalimoto 20. Anthu 18,000 a m'magalimoto 6,000 aja, atatu m'galimoto iliyonse, ndi maulendo 300. Mabasi 50, iliyonse ikamapita ndi kubwerera m'mphindi 30, amapanga maulendo 100 pa ola, ndipo onse atha m'maola atatu. Pamene ambiri amagwera ndi pokwerera. Ngati basi imatenga mphindi 5 kudzaza, malo amodzi okwerera amatulutsa mabasi 12 okha pa ola, choncho pafunika malo 9 okwerera nthawi imodzi, aliwonse ndi mzere wake wotchingidwa ndi mpanda. Mabasiwo akhalenso ndi njira yawoyawo, apo ayi akakodwa mumzere womwe uja n'kulephera kubwerera. Pasiyidwe njira ina ya ambulansi ndi ozimitsa moto, yosachepera mamita 4, imene munthu wina aliyense saimikamo. Ndipo oyenda pansi olowa asakumane ndi otuluka panjira imodzi. Ku Duisburg ku Germany, pa 24 Julayi 2010, anthu 21 anafa pa chikondwerero cha nyimbo cha Love Parade atapanikizana pachikweza chochokera mumsewu wa pansi chimene chinali cholowera komanso chotulukira.

Za kukonza misewu zilembedwe m'chilolezo momwemo, chisanasainidwe. Kutatsala milungu iwiri, injiniya wa khonsolo ndi nthumwi ya okonza ayende limodzi misewu yonse yokhudzidwa, ajambule zithunzi za phula, m'mphepete, ngalande ndi zivundikiro, onse asainire. Popanda zithunzi zimenezi, okonza adzati dzenjelo analipeza. Chilolezo chitchule msewu umene malole adutse, kulemera kololedwa pa ekiselo ndi maola ake, chilamule thireyi pansi pa jenereta iliyonse ndi zolemetsa za simenti pa matenti m'malo mwa zikhomo. Okonza asiye chikole cha ndalama, ndipo kagawo ka tikiti iliyonse kalowe mu akaunti yapadera ya misewu ya dera limenelo, osati m'thumba lalikulu la khonsolo mmene kangathere ku malipiro. Chikondwerero chikatha ayendenso limodzi pasanathe sabata, ming'alu imatidwe ndi phula lamadzi, m'mphepete mutsenderedwenso, ngalande zipalidwe mpaka kotulukira madzi. Theka la chikole abwezeredwe pamenepo. Theka linalo lidikire mpaka mvula yamphamvu yoyamba itagwa, chifukwa kalavati yotsekeka mkati imaoneka yabwinobwino kukakhala kouma.